Usiku Wopanda Tulo: Ndi Liti Pamene Tiyenera Kuda Nkhawa?

Mwezi wa Meyi ukamatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, timalandira alendo ambiri pano pasukulu yathu ya ulimi. Ena amadzafunsa za kuteteza chimanga kwa anankafumbwe, ena za mbewu ya nshawa ya chaka chamawa. Koma chaka chatha mmodzi wa ophunzira athu akale, bambo amene amalima kufupi ndi mtsinje wa Lusangazi m'dera la Mfumu Sandwe, anadikira kuti anzake onse achoke, ndipo anatifunsa motsitsa mawu funso losakhudza munda. Kwa miyezi itatu anali kugona m'chilindo kulonda njovu, ndipo kumeneko tulo tinali kumugwira ngakhale ali chikhalire. Tsopano anali atakolola ndi kubwerera m'nyumba mwake, koma usiku wa Lolemba anakhala maso mpaka tambala kulira. Lachiwiri anakagona ali ndi mantha akuti zichitikanso, ndipo zinachitikadi. Funso lake linali lakuti: "Aphunzitsi, kodi mutu wanga wayamba kusokonezeka, kapena alipo amene wandilodza?"

Tikudziwa kuti bamboyu sali yekha. Ambiri a inu, ophunzira a chaka chino ndi inu amene munatsiriza kale, munagonapo usiku wotere, ndipo mwina munachita manyazi kufunsa. Yankho lathu mwachidule ndi ili: usiku umodzi, ngakhale uwiri kapena utatu, wopanda tulo si matenda. Thupi limadziwa kubweza ngongole yotere palokha. Chimene chimasandutsa usiku umodzi woipa kukhala vuto la miyezi, nthawi zambiri, ndi mantha amene munthu amayamba kukhala nawo pa tulo take, pamodzi ndi zimene amachita pofuna kutikakamiza. Komabe zilipo zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira, ndipo nazonso tizitchula.

Chimene chimabweretsa tulo

Pali zinthu ziwiri zimene zimagoneka munthu. Choyamba tingachitche njala ya tulo. Kuyambira pamene munthu wadzuka, mu ubongo mwake mumayamba kuchuluka kanthu kena kamene madokotala amakatcha adenosine. Maola akamapita kamachulukirachulukira, ndipo ndiko kamalemeretsa zikope madzulo. Munthu akagona, kamachepa. Motero amene sanagone usiku wathunthu amafika madzulo otsatira ali ndi njala yaikulu ya tulo, monga mmene wosadya nsima ya masana amafikira pa chakudya chamadzulo.

Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, imene imayendera kuwala ndi mdima. Dzuwa likalowa, ubongo umatulutsa melatonin, amene amauza thupi kuti usiku wafika. Kuwala kwa m'mawa kumaletsa melatonin ndi kukonza wotchiyo tsiku ndi tsiku. Pa nkhani iyi ife alimi tili ndi mwayi woposa anthu a m'maofesi a ku Lusaka, pakuti dzuwa la m'mawa limatipeza tili kale panja.

Ziwiri zimenezi zikagwirizana, tulo timabwera popanda kuitanidwa. Koma pali chachitatu chimene chili ndi mphamvu yoziletsa zonse ziwiri, ndicho tcheru. Thupi likaganiza kuti pali choopsa pafupi, mtima umagunda mofulumira, makutu amamva ngakhale kaphokoso ka khoswe padenga, ndipo tulo timaimitsidwa kufikira choopsacho chitapita. Limeneli si vuto la thupi ayi, koma chitetezo chake. Munthu amene angagone tulo tofa nato njovu ili pamphepete pa munda sangakolole kanthu, ndipo moyo wake womwe ungakhale pangozi.

Tiyeneranso kudziwa kuti tulo sitiyenda mofanana usiku wonse. Timayenda m'zigawo za mphindi pafupifupi 90, kuchoka pa tulo topepuka, kulowa m'tulo tozama, kenako tulo ta maloto. Pakati pa zigawozi munthu aliyense amatsitsimuka pang'ono, ngakhale ambiri sakumbukira m'mawa. Choncho kudzidzimuka pakati pa usiku kawiri kapena katatu si chizindikiro cha matenda. Akuluakulu ambiri amafunika maola 7 kapena 8, koma anthu amasiyana, ndipo okalamba amagona tulo topepuka kusiyana ndi anyamata.

Chifukwa chake zimachitika kwathu kuno

Dera la Sandwe lachita malire ndi nkhalango yotetezedwa ya South Luangwa, ndipo njovu sizidziwa malire. Kuyambira mu Febuluwale, chimanga chikayamba kukhwima, kufikira nthawi yokolola, mabanja ambiri amagona kumunda ndi moto, zitini ndi matochi. Kumene njovu sizifika kuli nguluwe usiku ndi anyani masana, monga adziwira alimi a m'mapiri a ku Nyimba. Munthu amene wachita zimenezi kwa miyezi itatu waphunzitsa thupi lake kuti usiku ndi nthawi yomvetsera, ndipo wotchi yake yasuntha kaamba kogona masana. Thupi silingaiwale phunziro lotere tsiku lomwelo limene ngolo yomaliza yafika pakhomo. Limafuna masiku angapo, mwina sabata imodzi kapena ziwiri. Ndicho chimene chinachitikira bambo uja.

Kukhala maso usiku ena ali m'tulo si chinthu chachilendo pakati pa anthu. M'chaka cha 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayeza kagonedwe ka anthu 33 a mtundu wa Hadza, alenje a kumpoto kwa Tanzania, kwa masiku 20. Pa masiku onsewo, nthawi imene anthu onse anali m'tulo pamodzi inangokwana mphindi 18. Nthawi ina yonse analipo wina amene anali maso kapena woodzera chabe. Mudzi umene onse amafa ndi tulo nthawi imodzi ndi mudzi wopanda mlonda.

Njovu si chifukwa chokhacho. Mu Okutobala kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kumafika madigiri 40, ndipo thupi limavutika kugona ngati silinazizireko. Udzudzu ndi nsikidzi zimadzutsa munthu. Koma choposa zonse ndi maganizo: feteleza wa FISP amene sanafike mvula itagwa kale, ngongole ya thonje, ndalama za sukulu, maliro. Tonse tikukumbukira chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024. Amene anaona chimanga chake chikuuma chili ndi ngayaye, n'kulephera kugona, sanali kudwala. Anali ndi chifukwa chenicheni chokhalira maso.

Zimene usiku umodzi ungachite ndi zimene sungachite

Usiku umodzi wosagona supha munthu ndipo subweretsa misala. Kuyambira kumapeto kwa Disembala 1963 kufikira mu Januwale 1964, mnyamata wa zaka 17 wa ku San Diego m'dziko la America, dzina lake Randy Gardner, anakhala maso mwadala kwa masiku 11, akatswiri akumuyang'anira. Anakhala wokwiya msanga, woiwalaiwala, ndipo nthawi zina anali kuona zinthu zimene panalibe. Koma atatsiriza anagona maola oposa 14, ndipo m'masiku otsatira kagonedwe kake kanabwerera mwakale. Sitikunena izi kuti wina ayese, koma kuti muone kuti thupi silifuna kubwezeredwa ola lililonse limene linatayika. Limabweza mwa kugona tulo tozama kwambiri usiku wotsatira.

Ngozi yeniyeni ya usiku wosagona ili masana. M'chaka cha 1997 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchita zinthu monga munthu amene wamwako mowa, ndipo pa maola 24 amafanana ndi woledzera amene lamulo silingamulole kuyendetsa galimoto. Motero tsiku lotsatira usiku wotere si tsiku lokwera njinga yamoto ulendo wa ku Petauke, kapena losakaniza mankhwala opopera thonje, kapena logwira ntchito pachigayo. Sankhani ntchito zopepuka ndi zosaopsa, ndipo zinazo zidikire mawa.

Mmene mantha amasandutsira usiku umodzi kukhala miyezi

Taonani mmene zimayendera. Munthu sanagone Lolemba pa chifukwa chodziwika. Lachiwiri amayamba kuganizira za usiku dzuwa likadali pamutu. Amakagona msanga, mwina 7 koloko, kuti abweze tulo, pamene wotchi ya m'thupi sinakonzeke. Amagona chagada namvetsera ngati tulo tikubwera. Amayatsa foni kuti aone nthawi, nawerengera maola amene atsala. Pamenepo thupi limamva kuti pali choopsa, ndipo tcheru chija chimadzuka. Choopsacho tsopano si njovu kapena ngongole, koma kusagona kwenikweniko. M'mawa amadzuka mochedwa, masana amagona maola awiri pansi pa mtengo, ndipo madzulo njala ya tulo imakhala itachepa. Zikapitirira kwa masabata, mphasa yeniyeniyo imasanduka malo a nkhondo, kotero kuti munthu amene anali kuodzera pamoto amayera m'maso akangoigonera.

Tulo tili ngati nkhuku. Mukaithamangitsa kuti ilowe m'khola imathawira kutchire, koma dzuwa likalowa imalowa yokha. Ntchito zambiri za mlimi zimatheka ndi khama, koma iyi yokha khama limaiononga.

Madokotala amati munthu ali ndi matenda a kusowa tulo okhalitsa pamene akuvutika kupeza tulo, kapena kudzuka n'kulephera kugonanso, kosachepera katatu pa sabata, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, ngakhale ali ndi mpata ndi malo ogona, ndipo vutolo likumulepheretsa ntchito masana. Wolonda munda amene sagona chifukwa alibe mpata sali m'gulu limeneli. Amene wavutika masiku anayi salinso m'gulu limeneli. Tikunenetsa izi chifukwa taona mabanja akudana, ndi achikulire osalakwa akulozedwa chala, pa chinthu chimene chikanatha chokha pasanathe masabata awiri.

Zoyenera kuchita

Choyamba, dzukani pa nthawi yanu ya masiku onse, ngakhale mwagona ola limodzi lokha, ndipo tulukani panja pa kuwala. Nthawi yodzukira ndiyo imakonza wotchi ya m'thupi. Ngati tulo takulemerani masana, gonani mphindi 20 kapena 30 dzuwa lisanapendeke, osapitirira.

Chachiwiri, musapite pamphasa chifukwa chakuti nthawi yakwana. Dikirani kufikira mutayamba kuodzera. Kutopa kwa msana ndi mikono si tulo ayi; chizindikiro cha tulo ndi kuyasamula ndi kulemera kwa zikope.

Chachitatu, ngati mwagona ndipo mukuona kuti papita nthawi, monga theka la ola, mukungotembenuka, dzukani. Khalani pampando m'nyumba momwemo ndi kuwala kochepa, muchite kantchito kamanja kosautsa mtima, monga kusenda nshawa kapena kupota chingwe. Mukayamba kuodzera bwererani. Zikafunika kutero katatu usiku umodzi, chitani katatu. Njira imeneyi anaifotokoza katswiri wa ku America, Richard Bootzin, m'chaka cha 1972, ndipo kufikira lero ili pakati pa njira zimene madokotala amayamba nazo asanaganize za mapiritsi. Cholinga chake ndi kuphunzitsanso thupi kuti mphasa ndi malo a tulo.

Chachinayi, ikani foni patali. Kuona nthawi usiku kumangowonjezera nkhawa. Ndipo inu achinyamata, Facebook, WhatsApp ndi kubetcha pa mpira zimadzutsa mtima pa ola limene uyenera kukhala pansi.

Chachisanu, samalani zimene mukumwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa za m'mabotolo zimene amati zimapatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene amatsekereza adenosine uja kuti ubongo usamve njala ya tulo. Patapita maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadali m'magazi, kotero tiyi wa 4 koloko madzulo akugwirabe ntchito 9 koloko usiku. Fodya nayenso amadzutsa thupi. Mowa ndiwo umanyenga ambiri: kachasu amagwetsa munthu msanga, koma akamatha m'magazi pakati pa usiku munthu amadzuka, ndipo tulo totsalato timakhala todukaduka. Mapiritsi ogoneka ogula pakantemba, kapena opatsidwa ndi mnansi, musamwe. Ena a iwo thupi limawazolowera msanga, ndipo kuwasiya kumakhala kovuta kuposa vuto loyamba lija.

Chachisanu ndi chimodzi, patsani nkhawa nthawi yake kunja kukali kowala. Nonse munaphunzira kusunga kabuku ka munda. Kumapeto kwake lembani chimene chikukuvutani, ndipo pambali pake lembani chinthu chimodzi chimene mudzachita, ndi tsiku lake: kukaonana ndi mlangizi wa zaulimi Lachinayi, kukambirana ndi akazi anu kapena amuna anu za mbuzi yogulitsa. Ganizolo likabwera usiku, mudzaliuza kuti linalembedwa kale. Ngongole siichepa chifukwa chakuti mwaiwerengera kakhumi mumdima.

Potsiriza, konzani pogona. Gonani m'neti yoteteza udzudzu usiku uliwonse, kumunda komwe. Yanikani mphasa ndi zofunda padzuwa. M'nyengo yotentha sambani madzulo musanagone.

Pamene simuyenera kudikira

Zimene tanenazi ndi za munthu amene thupi lake lili bwino. Pitani kuchipatala msanga ngati kusagonako kwabwera pamodzi ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi, pakuti kawirikawiri amakhala malungo, ndipo kuyeza magazi kumatenga mphindi zochepa.

Ife a m'mphepete mwa nkhalango tiyenera kukumbukiranso kaodzera, matenda amene amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe. Kachilombo ka mtundu umene uli kuno kanadziwika koyamba m'chaka cha 1910, pamene akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anakapeza m'magazi a Mngelezi wina amene anakatengera m'chigwa cha Luangwa chomwe chino. Dzina la matendawa limasocheretsa, chifukwa wodwala samangogona. Amayamba ndi chotupa chopweteka pamene analumidwa, kutentha thupi ndi mutu, ndipo matendawa akalowa mu ubongo, kagonedwe kamasokonezeka: amaodzera masana nakhala maso usiku, ndipo khalidwe lake limasintha. Mtundu wa kunowu umathamanga, m'masabata kapena miyezi yochepa, ndipo umapha ngati suchiritsidwa, koma mankhwala ake alipo. Ngati munalumidwa ndi kashembe, ndipo kutentha thupi sikukutha ngakhale mwamwa mankhwala a malungo kapena malungo sanapezeke, auzeni a chipatala momveka kuti mumalima kapena kuyenda kumene kuli ntchentchezi.

Pitaninso ngati mukudzuka kambirimbiri kukataya madzi ndipo muli ndi ludzu losatha, pakuti angakhale matenda a shuga. Ngati mukutsokomola kwa masabata awiri ndi kutuluka thukuta usiku, pakuti chingakhale chifuwa chachikulu. Ngati mpweya ukukuperewerani mukagona chagada. Kapena ngati mnzanu wa m'nyumba akunena kuti mumaliza mkonono kwambiri ndi kuleka kupuma kwa kanthawi. Amene mwayamba kumene kumwa ma ARV kapena mwasinthiridwa mtundu wake, dziwani kuti ena a iwo amasokoneza tulo ndi kubweretsa maloto achilendo m'masabata oyamba. Musaleke kumwa. Kawafotokozereni a kukiliniki, ndipo adzakuuzani chochita.

Pali chizindikiro china chimene tikupempha kuti muchisamale koposa. Munthu akamadzuka mbandakucha tsiku ndi tsiku ali ndi chisoni cholemera, chakudya osachifuna, munda umene anali kuukonda osaulabadira, namanena kuti ndi wachabechabe kapena kuti kuli bwino kufa, ameneyo akudwala matenda a maganizo, ndipo matendawa amachiritsika. Musamuseke, ndipo musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a thonje, a mbewu ndi a makoswe, akasungidwe ndi munthu wina pokhoma, ndipo muperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu amene wakhala masiku angapo osagona koma osatopa, akulankhula mosalekeza ndi kumwaza chuma. Ngati ndinu mwini amene mukumva choncho, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe. Kiliniki ya kwanu ikalephera, idzakutumizani ku zipatala zazikulu monga cha Petauke, cha Nyimba kapena cha Minga.

Ndipo ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, koma mwayesa njira zija mokhulupirika kwa mwezi wathunthu popanda kusintha, pitani mukafotokoze. Palibe chifukwa chodikira kuti miyezi itatu ikwane.

Kukonzekera nyengo yolonda

Kulonda sikungalekeke, koma kungakonzedwe. Munthu mmodzi wolonda yekha usiku uliwonse kwa miyezi itatu amafika potopa kotero kuti amagona pa nthawi imene njovu zikulowa. Minda yoyandikana imalola kuti mabanja agawane usiku, ena kuyambira madzulo kufikira pakati pa usiku, ena kuyambira pamenepo kufikira kucha, kuti aliyense apeze maola anayi kapena asanu osadukiza, ndi usiku wina wogona kunyumba. Wolonda usiku ali ndi ufulu wogona masana, ndipo a pabanja asamuyese waulesi. Njerwa za tsabola wosakaniza ndi ndowe za njovu zimene zimafuka utsi woyabwa, ndi mipanda ya zingwe zopakidwa tsabola ndi oyilo wakutha, sizithetsa vuto lonse, koma zimachepetsa mtolo wa mlonda. Makalabu athu akambirane zimenezi mu Disembala, osadikira kuti chimanga chiyambe kukhwima. Mutu umodzi susenza denga.

Bambo uja tinamufunsa ngati anali ndi kutentha thupi, ngati analumidwa ndi kashembe, ndiponso za mumtima mwake. Zonse zinali bwino. Tinamupempha kuti azidzuka pa nthawi imodzi, aleke kugona masana, aleke tiyi wamadzulo, ndipo tulo tikakana adzuke asende nshawa. Anabweranso mu Julayi kudzagula mbande za dimba. Anati usiku woyamba anasenda lichero lathunthu, wachiwiri theka, ndipo pofika sabata yachiwiri akazi ake ndiwo anatsiriza thumbalo masana, pakuti iye sanadzukenso. Mnansi amene anali kumuganizira zoipa uja ndiye adzagawana naye usiku wolonda chaka chino.